Makita HR2450 yogwirapo kale ntchito: kodi ndi yoyenera ndalama zanu?

Funso lachokera kwa mmisiri wina wa ku Mtendere mu Lusaka: "Ntchito yanga ndi yoika zitsulo za m'mawindo, mageti ndi madishi a TV, ndipo masiku ano ndayambanso kumangirira ma solar. Dirilo yanga ya hamala wamba ikundichedwetsa pa konkire, biti imapsa bowo lisanathe. Ku Kamwala ndapeza Makita HR2450 yakale. Wogulitsa akuti inachokera kunja, ndipo poti anasiya kuipanga ndiye kuti ndi ija yeniyeni yolimba. Mtengo wake ukufanana ndi wa makina atsopano opanda dzina lodziwika. Ndigule iti, ndipo ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama?"

Bambo, pa ntchito mwatchulazi, HR2450 yeniyeni yomwe sinathe m'kati ndiyo ndingasankhe, osati makina atsopano opanda dzina. Koma mawu akuti anasiya kuipanga ndiye kuti ndi yolimba musawawerengere. Kusiya kupanga kumangotiuza kuti makinawo ndi akale. Makita inabweretsa HR2470 m'malo mwake, kenako kunabwera ina monga HR2630, choncho HR2450 iliyonse yomwe ili pamsika lero yaona zaka zambiri. Kodi zakazo inathera m'bokosi kwa munthu wongopachika makatani, kapena pa saiti ikumenya konkire kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Pulasitiki ya kunja siyankha funso limeneli, makamaka ikapukutidwa ndi kansanza ka mafuta. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyambe ndi zomwe makinawa anali ali atsopano. Mota yake ndi ya 780 W. Imazungulira mpaka ka 1,100 pa mphindi ndipo imamenya mpaka ka 4,500 pa mphindi, liwiro likutengera m'mene mwafinyira swichi. Malire ake ndi bowo la 24 mm pa konkire, 13 mm pa chitsulo ndi 32 mm pa thabwa. Imalemera pafupifupi 2.5 kg, ndipo munthu amene wakwera makwerero dzanja limodzi litagwira bulaketi ya dishi amadziwa ubwino wa kupepuka kumeneku. Pambali pali chotembenuza cha malo atatu: kuzungulira kokha, kuzungulira ikumenya, ndi kumenya kokha kogwiritsa tchizulo. Werengani nambala bwinobwino, chifukwa pali HR2440 yofanana nayo maonekedwe yomwe ilibe malo achitatuwo. Ngati nambala yatsatiridwa ndi F ndiye kuti pali kanyali kounikira pobowola, ndipo T akutanthauza kuti chuck yake, kukamwa kogwira biti, imachoka n'kuvekapo ina ya mabiti wamba. Ilinso ndi kilatchi yomwe imatereka biti ikakanirira m'khoma, kuti makina asakupotoleni dzanja.

Wogulitsa akayamba kukuwerengerani ma joule, muyezo wa mphamvu ya kumenya, dziwani kuti mabuku akale ankalemba 2.7 J. Kuyambira 2009 opanga zida ambiri anagwirizana njira imodzi yoyezera mphamvu ya kumenya, ndipo manambala anatsika pomwe makina sanasinthe. Ndiye mukaona yatsopano yalembedwa 2.4 J musaganize kuti yakaleyo ndi yamphamvu kuposa. Nawo makatoni a makina opanda dzina amalemba chilichonse chomwe afuna.

Kuti mudziwe choyang'ana, muyenera kumvetsa kusiyana kwa makinawa ndi dirilo yanuyo. Mu dirilo ya hamala wamba muli zitsulo ziwiri za mano zomwe zimakhulana, ndipo kunjenjemera kwake ndiko anthu amati hamala. Mphamvu yake ndi ya mkono wanu, mukasiya kukankha yasiya kudya. N'chifukwa chake mumatopa ndipo biti imapsa. Mu HR2450 mota imazunguza kashafiti komwe kali ndi bering'i yopendekeka, amisiri amati swash bearing. Bering'iyo ikamazungulira, kamkono kake kamakankha pisitoni kutsogolo ndi kumbuyo. M'kati mwa pisitoniyo muli kachitsulo kolemera kotchedwa striker, kovala mphira wa O-ring, ndipo sikalumikizidwe ndi chilichonse. Chomwe chimakaponya kutsogolo ndi mpweya wopanikizika, monga zimachitikira mu pampu ya njinga mukatseka kukamwa kwake ndi chala. Striker imamenya chitsulo china chapakati, impact bolt, ndipo ichi ndicho chimamenya thako la biti.

Pamenepa pakutuluka mfundo ziwiri. Yoyamba, kukankha kwambiri sikuthandiza. Mungotsamiza moti biti isadumphedumphe, zotsalazo ndi za mpweya. Mukagonera makina ndi thupi lonse mumachepetsa mpata womwe striker imathamangamo, bowo limachedwa, bering'i ija ikuvutika. Yachiwiri, hamala yonse yadalira timphira totsika mtengo. O-ring ikadyeka mpweya umathawa, makina amalira bwinobwino, biti ikuzungulira, koma khoma silikudyeka. Makina ambiri omwe anthu amati afa amakhala atangotha timphira timeneti ndi girisi.

Mukafika pa sitandi paja, choyamba ndi kachikwangwani ka pa mota. Payenera kulembedwa 220 mpaka 240 V. Magetsi a ZESCO kuno ku Zambia ndi a 230 V, koma katundu wochokera kunja amabwera wosakanikirana. Pa masaiti a ku Britain amagwiritsa zida za 110 V zokhala ndi pulagi yozungulira yachikasu, ku America ndi 120 V, ku Japan 100 V. Pali ena amadula pulagi yachikasuyo n'kuvekapo ya mano atatu ya kwathu kuno. Makina otero mukawalumikiza amathamanga ngati openga, moto uli lawilawi kumbuyo, ndipo armature, mbali ya mota yomwe imazungulira, imapsa musanabowole mabowo angati. Inde, ya 110 V ikhoza kugwira ndi thiransifoma yake yachikasu ija, koma ndi cholemera chomwe mudzanyamule pa minibasi tsiku lililonse. Kachikwangwani kakakhala kofufutika kapena kochotsedwa, ingoisiyani.

Chachiwiri, kodi ndi Makita yeniyeni? HR2450 inakopedwa kwambiri, ndipo zachinyengo zake zili mbwee m'misika. Mawu akuti Made in China asakuopseni paokha, chifukwa Makita, ngakhale likulu lake lili ku Anjo m'dziko la Japan, ili ndi mafakitale ake ku China, ku Romania, ku Telford m'dziko la Britain ndi kwina. Yang'anani zina. Kachikwangwani ka yeniyeni kamakhala ndi zilembo zooneka bwino ndi nambala ya siriyo, ndipo kamanena 780 W. Mukaona HR2450 yolembedwa 1,000 W kapena kupitirira, mwadziwa kale. Magawo a pulasitiki a yeniyeni amakumana bwino popanda mpata kapena zotsalira zakuthwa m'mphepete. Chingwe chake choyambirira chimakhala chofewa, ngakhale pa makina akale chikhoza kukhala chitasinthidwa, ndiye ichi si umboni wokwanira. Umboni wabwino uli m'kati. Pemphani kuti atsegule chivundikiro cha kumbuyo kwa chogwirira, ndi masikuluwu ochepa okha. Mu yeniyeni mawaya amagona m'tinjira tawo mwadongosolo, swichi ili ndi dzina la opanga ndi manambala, ndipo m'kati mwa pulasitiki mwaumbidwa manambala a zipangizo. Wogulitsa wokana kutsegula wakupatsani yankho.

Chivundikirocho chikadali chotsegula, onani komwe makaboni, timakala topereka magetsi ku armature, amakhudza, pa commutator. Timizere ta kopa tiyenera kukhala tosalala, ta mtundu umodzi wofiirira. Ngati pali ngalande yakuya yomwe makaboni anakumba, makinawo agwira ntchito yambiri. Ngati kamzere kamodzi kapena tiwiri tada kuposa tinzake, kapena katukuka, koilo ya pamenepo inapsa. Nunkhizani m'mazenera a mpweya. Fungo la vanishi wopsa silichoka ngakhale atsuke bwanji. Kenako yatsani muli kuyang'ana m'mazeneramo, pamthunzi. Timoto ting'onoting'ono pansi pa kaboni n'tachibadwa. Moto wozungulira commutator yonse, wotsagana ndi kulira kwa phethephethe ndi liwiro losakhazikika, ndiye armature yapita. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, chotsani pulagi ku magetsi, tulutsani makaboni, muyeze ma ohm pakati pa kamzere ndi kanzake koyandikana, kuzungulira konse. Manambala ayenera kufanana. Pakati pa kamzere kalikonse ndi shafiti mita isawerenge kanthu. Makoilo awiri a field, mbali ya mota yosazungulira, nawo afanane.

Finyani swichi pang'onopang'ono. Liwiro likwere mosadumpha. Ikangokhala chete kenako n'kudzidzimukira pa liwiro lonse, mbali yochepetsa liwiro mu swichi inafa, ndipo mudzavutika poyamba bowo pa matailosi. Yesaninso kubwerera m'mbuyo, mota itaima kaye.

Tsopano kuyesa kwenikweni, komwe ambiri amadumpha chifukwa cha manyazi kapena changu. Pitani ndi biti yanu yatsopano ya 10 mm ya SDS-plus, mtundu wa biti womwe makinawa amalandira. Musagwiritse ya wogulitsa, chifukwa biti yobuntha imanamizira makina abwino ndipo imapatsa wogulitsa chonamizira makina akakhala oipa. Musayesere pa buloko kapena njerwa, pamenepo ngakhale hamala yakufa imalowa. Pezani konkire yeniyeni ya miyala, chidutswa cha lintel kapena cha silabu. Bowo la 10 mm lakuya 70 kapena 80 mm lisapitirire masekondi 20 mukungotsamiza pang'ono. Bowolani asanu motsatizana. Mverani kulira: kumenya kukhale kolimba, kofanana, kosadukiza. Hamala yomwe imayamba bwino n'kufooka pa bowo lachitatu, kapena yofuna kuti muigonere ndiye imenye, ili ndi O-ring yotha kapena kilatchi ina, ya pa swash bearing, yodyeka. Mukatha gwirani mutu wa makina. Kufunda n'kwachibadwa, koma ngati simungathe kusungapo dzanja ndiye m'kati mwauma kapena bering'i ikukhula. M'mawa wa June kapena July girisi amalimba ndi kuzizira, ndipo hamala ikhoza kuchedwa kuyamba. Ilekeni izungulire mphindi imodzi kapena ziwiri, mugunditse biti pa konkire kangapo, ndiye muweruze.

Biti ikamagwedera pang'ono pomwe makina akuzungulira m'mwamba osakhudza kanthu, musadandaule. Thako la SDS-plus ndi la 10 mm, lili ndi ngalande ziwiri zotseguka zomwe zimazunguzidwa ndi ziwiri zotsekeka momwe mumagwa kampira kachitsulo koletsa biti kusolola. Linapangidwa kuti lizitsetsereka kutsogolo ndi kumbuyo pafupifupi sentimita imodzi, ndipo biti imadziwongola yokha ikaluma konkire. Chomwe muyese ndi kuikoka mwamphamvu osabweza chivundikiro cha chuck. Ikasolola, kampira kaja kadyeka kapena kasipuling'i kake katopa, ndipo izi n'zotchipa. Koma ipotozeni ndi dzanja uku ndi uku chotembenuza chili pa kumenya kokha. Ikamasewera kwambiri, mano a m'kati mwa tool holder adyeka, ndipo apa ndiye pali ndalama, chifukwa tool holder ndi chitoliro chonse chomwe pisitoni imayendamo. Unikani m'kamwamo ndi tochi ya foni muone ngati manowo akadali ndi makona kapena asalala.

Yesani malo onse atatu. Pa kuzungulira kokha isamenye ngakhale mutakankha. Ikamenya, swash bearing yakakamira pa shafiti yake. Pa kumenya kokha tchizulo isazungulire. Chotembenuza chizilowa pamalo pake ndi kaphokoso, chisamabwerere chokha makina akamanjenjemera. Kilatchi yoteteza dzanja ija ikamalira kwekwekwe pa biti ya 10 kapena 12 mm popanda kugunda chitsulo, sipuling'i yake yatopa kapena mano a giya asalala. Choopsa kwambiri ndi chosiyana ndi ichi: amisiri ena akatopa nayo amaiwotcherera kuti isaterekenso. Makina otero tsiku lomwe biti idzakanirire pa chitsulo cha mu ring beam muli pamwamba pa makwerero, adzakugwetsani. Funsani mwachindunji ngati inatsegulidwapo ndi chomwe anakonza.

Onaninso girisi. Kunyowa pang'ono kukamwa kwa chuck si kanthu. Girisi wakuda wochucha pa biti akusonyeza kuti oil seal, mphira wotsekera girisi, yatha. Girisi wotuluka m'mazenera a mota ndi woipa koposa, chifukwa akasakanikirana ndi fumbi la simenti ndi la makaboni amamata pa mawaya, mota imalephera kuzizira, ndipo commutator imayamba kuyaka.

Zonse mwapezazi zigaweni potengera ndalama. Makaboni, ma O-ring, kampira ka mu chuck, kachipewa ka mphira kotchinga fumbi kutsogolo, chingwe ndi mabering'i a armature ndi zazing'ono. Pa makina a msinkhu uwu muziwerengere ngati zosintha ndithu, ngakhale zikuoneka bwino. Swichi, swash bearing ndi pisitoni zili pakati. Armature, tool holder ndi chikhokho cha magiya chosweka ndizo zimapha malonda. Chimodzi mwa zitatuzi chikafuna kusintha, mtengo utsike kwambiri. Zikakhala ziwiri, mukugula zipangizo zopatsira makina ena, osati makina.

Nkhani ya masipeya ndiyo imaopsa anthu akamva kuti anasiya kupanga, koma pa HR2450 mantha achepe. Inagulitsidwa yambiri padziko lonse, ndipo kukopedwa komwe kuja kunachititsa kuti zipangizo zake zosakhala za Makita zichuluke. Chithunzi chosonyeza chipangizo chilichonse ndi nambala yake chimapezeka pa intaneti mukalemba nambala ya makinawo. Chisungeni mu foni. Makaboni ake ndi CB-419, pomwe HR2470 imadya CB-325, ndiye musalole kuti akupatseni a inayo ati n'chimodzimodzi. Armature nayo si imodzi. Pokagula pitani ndi yakaleyo, muwerenge mano a kutsogolo kwake, muyerekeze kutalika ndi kukula kwa commutator, chifukwa za makina okopa nthawi zina zimasiyana mano ngakhale katoni yalembedwa nambala yomweyo. Mano akasiyana ndi limodzi lokha, giya imatha tsiku lomwelo. Pa mabering'i werengani nambala yolembedwa m'mbali mwake n'kukagula ya dzina lodalirika kwa ogulitsa mabering'i. Pa timphira ndi kachipewa, zotchipa zimagwira ndithu. Pa makaboni ndi armature yesetsani kupeza zenizeni kwa ogulitsa ovomerezeka. Makaboni ouma kwambiri amadya kopa wa commutator, ndiye mwapulumutsa makwacha ochepa n'kuononga chipangizo chodula kwambiri m'makinamo. Ndipo musaveke armature yatsopano pa field yopsa, ipsanso. Musanagule makinawo, zungulirani m'mashopu a zida m'tauni, ku Kamwala komweko, Freedom Way kapena Cha Cha Cha Road, mufunse ngati makaboni ndi armature zilipo ndi mitengo yake. Theka la ola limeneli likupatsani mphamvu pokambirana.

Mtengo woyenera muupeze motere. Funsani mtengo wa Makita yatsopano ya msinkhu womwewu, HR2470 kapena HR2630, kwa ogulitsa opereka risiti ndi waranti. HR2450 yopambana mayeso onse aja, ili ndi chogwirira cha m'mbali, kandodo koyezera kuya ndi bokosi lake, kwa ine isapitirire theka la mtengowo. Yogwira bwino koma yofuna timphira, makaboni ndi girisi ikhale cha pa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo muchotseponso ndalama ya mmisiri. Akakakamira pamwamba pa theka, onjezerani mugule yatsopano, chifukwa ubwino wonse wa yakaleyo unali mtengo. Chogwirira cha m'mbali chikasowa musachione ngati chaching'ono, makinawa sagwiridwa ndi dzanja limodzi pa konkire ya zitsulo. Ndipo pemphani kapepala kosonyeza kuti mwagula, kolembedwa nambala ya siriyo. Zida zobedwa pa masaiti zimathera m'misika momwemu, ndipo mukaona dzina la kampani lozokotedwa pa pulasitiki kapena malo opalidwa dala, mudziwe kuti mlandu ukhoza kukutsatani.

Nanga yatsopano yopanda dzina ija? Sindikuinyoza yonse. Kwa munthu wobowola kamodzi pamwezi imakwana. Vuto lake limaonekera pa ntchito ya tsiku ndi tsiku: zitsulo za striker ndi za mu chuck zosalimbitsidwa bwino zimaphwanyika msanga, armature yosalinganizidwa bwino imadya mabering'i, ndipo ikafa mupeza kuti chaka chino dzinalo kulibenso pamsika. Inu amene mumadyera pa mabowo, mukufuna makina oti akadwala mudziwe nambala ya mankhwala ake.

Mukaigula, idziweni malire. Nambala ya 24 mm ndi ya mwa apo ndi apo. Pomwe imasangalala ndi pa 6 mpaka 16 mm, ndipo ntchito zanu zili momwemo. Mapulagi a pulasitiki olowetsa m'khoma amafuna 6, 8 kapena 10 mm. Ma rawl bolt a chikhokho chachitsulo amafuna bowo lokulirapo kuposa bawuti: M6 imalowa pa 12 mm, M8 pa 14 mm, M10 pa 16 mm, M12 pa 20 mm. Ngati geti ikufuna ma M12 ambiri, ipumitseni pakati, ikuzungulira m'mwamba masekondi angapo kuti fani iziziritse mota. Bowo lililonse lipemerereni kapena kulipukuta fumbi musanalowetse bawuti, apo ayi imagwira fumbi m'malo mwa konkire. Pa mabowo akuya muzitulutsa biti pang'ono ikuzungulira kuti fumbi lituluke, chifukwa fumbi lodzadza m'ngalande za biti ndilo limaikaniriza. Kilatchi ikangolira, siyani swichi nthawi yomweyo. Kuilekerera ikulira ndiko kumasalaza mano ake.

Mabuloko athu ambiri a mainchesi 6 ndi 4 ndi a mphako, ndipo ena simenti anaiwawaza ngati mchere. Mukalowa ndi hamala yonse mumagumula chigamba chachikulu kuseri kwa khoma la buloko, pulagi n'kusowa pogwira. Pamenepo finyani swichi theka, kapena zimitsani hamala mukamayandikira mphako. Pa matailosi ndi kuzungulira kokha mpaka mutadutsa, ndiye muyatse hamala. Pa lintel ndi ring beam yembekezerani kukumana ndi chitsulo. Mabiti a mutu wa mano anayi sakanirira msanga ngati a mano awiri, koma si odulira chitsulo, ndiye mukachigunda sunthani bowo. Pobowola chitsulo kapena thabwa ndi chuck wamba ya adaputa, hamala ikhale yozima nthawi zonse, apo ayi chuck imasweka.

Tchizulo yake ndi yochotsera matailosi, kugumula pulasitala ndi kukumba kanjira ka paipi ya mawaya. Si yoswera silabu, ndiponso si ya thanthwe lija limatuluka mukangokumba pang'ono ku Kanyama kapena ku Chawama. Anzanu akadzabwereka kuti akumbire dzenje la septic, kanani mosanyengerera. Ntchito imeneyo ndi ya makina a SDS-max a thako la 18 mm kapena breaker, ndipo HR2450 ikakakamizidwa pamenepo swash bearing imatha m'masiku ochepa. Osaigwiritsanso ngati chotemera, kupotokola tchizulo ili m'khoma, chifukwa ndi momwe tool holder imang'alukira.

Za magetsi. Makinawa amakoka pafupifupi ma amp 3.5, ndiye chingwe cha 1.5 mm² chimakwana mpaka mamita 25 kapena 30. Kupitirira apo tengani cha 2.5 mm², ndipo chikakhala cha pa gudumu chitambasuleni chonse. Magetsi ofooka amachedwetsa fani pomwe mota ikukoka kwambiri, ndiye imapsa mwakachetechete. Malaiti akapita, monga tinaonera mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, jenereta ya 2 kVA imaiyendetsa bwino. Tija tating'ono tosakwana 1 kVA timagwada biti ikaluma. Musalumikize pa jenereta imodzi ndi makina owotcherera zitsulo akugwira ntchito, chifukwa kukwera ndi kutsika kwa magetsi kumapha swichi. Ngati ntchito yanu ya ma solar idzakula mpaka muzikhala m'malo opanda magetsi sabata yonse, mudzafunika ya batire, koma imeneyo ndi ndalama ina. Pa kachikwangwani muona chizindikiro cha bokosi m'kati mwa bokosi linzake, kutanthauza kuti makinawa ndi otchingidwa kawiri ndipo chingwe chake ndi cha mawaya awiri opanda earth. Chitetezocho chimatha pulasitiki ikang'aluka kapena wina akalowetsa sikuluwu yaitali yosakhala yake. Vekani pulagi yabwino ya fyuzi, zolowetsa mawaya osavala mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi zisiyeni.

Fumbi ndilo limapha makinawa, komanso mapapo a mwini wake, ndiye chotchinga mphuno ndi zotseka m'makutu zikhale m'bokosi momwemo. Pobowola m'mwamba, pa silabu kapena pansi pa lintel, dulani thako la botolo la pulasitiki, muboole pakati, mulivekere pa biti kuti fumbi ligwere m'menemo m'malo molowa mu chuck. Thako la biti lipukuteni n'kupakapo kagirisi kochepa nthawi iliyonse musanalowetse. Biti yogwera pamchenga isalowe yosapukuta.

Sabata yoyamba, musanaiyambitse ntchito yolemera, ipititseni kwa mmisiri wodziwa ma rotary hammer, osati wa mafani ndi maayironi. Atsegule mutu, atsuke girisi yense wakale ndi parafini, aumitse, asinthe ma O-ring a striker ndi a impact bolt, oil seal ndi kachipewa ka kutsogolo. Girisi wake ndi wofewa, woyenda pang'ono ngati phala. Girisi wolimba wa mabering'i a galimoto amamata striker mu pisitoni hamala n'kufa, komanso magiya amangokumba njira m'menemo n'kumazungulira ouma. Asadzaze mutu wonse. Apake mokwanira pa swash bearing ndi pa magiya, koma mu pisitoni angopakamo kochepa kwambiri, ndipo tibowo ta mpweya ta m'mbali mwake tikhale totseguka. Makaboni asinthidwe onse awiri pamodzi, kenako makina azungulire opanda katundu kwa mphindi zingapo kuti makaboniwo akhazikike pa commutator. Zipangizo zakale zomwe wachotsa akubwezereni m'manja, muone nokha zomwe zinasinthidwa komanso mukhale ndi zoyerekezera tsiku lomwe mudzafune zina.